Mwana akufuna digiri ya nuclear medicine technology: ayambire pati?

a Mbewe (Chitakale)

Ndikupatsani moni nonse a pagulu lino. Mwana wa mlongo wanga wakhoza bwino mayeso a MSCE, makamaka masamu, fizikisi ndi kemisitiri, ndipo wanenetsa kuti kuyunivesite akufuna kukaphunzira nuclear medicine technology. Amayi ake anditulira nkhaniyi ine monga malume wake, pakuti ndine amene ndidzathamange ndi za fizi, koma sindingavomereze kapena kukaniza chinthu chimene sindikuchimvetsa. Ndikupempha amene mukuidziwa ntchitoyi mutiunikire kuti wophunzira zimenezi amagwira ntchito yanji, amakaphunzira kuti, ndiponso ngati akamaliza angapeze pogwira kuno kwathu.

a Gama (Luchenza)

Ine ndimamva kuti imeneyi ndi ntchito ya anthu amene amawotcha khansa ndi makina. Ngati ndi choncho mulimbikitseni mwanayo, chifukwa boma lamanga chipatala cha khansa ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, ndipo odziwa makina amenewo adzafunika.

a Nangondo (wojambula odwala, Thyolo)

Bambo Gama, zimene mwatchulazo ndi radiotherapy, ndipo ndi ntchito ina ngakhale kuti ziwirizi n'zapachibale. Ndifotokoze kuchokera pa ntchito imene ndimagwira ine. Tikamajambula munthu ndi X-ray kapena CT, radiyeshoni imachokera m'makina, imadutsa m'thupi, ndipo chithunzi chimatisonyeza maonekedwe a zam'kati, monga pamene fupa lathyokera kapena kukula kwa chotupa. Ku radiotherapy makina amalunjikitsa radiyeshoni yamphamvu kwambiri pachotupa kuti iphe maselo a khansa. Ku nuclear medicine radiyeshoni imachokera mwa wodwalayo. Amamubaya kapena kumumwetsa kamlingo kochepa ka mankhwala otulutsa radiyeshoni, mankhwalawo amakaunjikana m'chiwalo chimene madokotala akufuna kuchifufuza, kenako makina otchedwa gamma camera amawerenga zimene zikutuluka m'thupimo n'kupanga chithunzi.

Phindu lake n'lakuti chithunzi chotere chimasonyeza mmene chiwalo chikugwirira ntchito. Impso ziwiri zikhoza kuoneka zofanana pa sikani wamba, pamene ina ikusefa bwino ndipo inzake yatsala pang'ono kuleka, ndipo nuclear medicine imatha kunena kuti iyi ikugwira gawo lotani la ntchito yonse. Imaonetsanso khansa imene yafalikira m'mafupa isanayambe kuoneka pa X-ray, mbali ya mtima imene sikulandira magazi okwanira, ndi chithokomiro chimene chikugwira ntchito mopyola muyeso. Palinso mbali yochiza, makamaka ndi iodine-131, imene madokotala anayamba kuchizira nayo matenda a chithokomiro mu 1941. Koma a Mbewe adziwe msanga kuti m'zipatala za maboma athu a Mulanje ndi Thyolo mulibe gamma camera, ndipo si makina amene amaikidwa pachipatala cha boma laling'ono.

a Nkhoma (Johannesburg, kwathu ku Limbuli)

Zikomo achemwali a Nangondo, mwalongosola bwino. Ine ndimagwira ntchito imene ikufunsidwayi kuno ku South Africa, choncho ndiwonjezere za mmene tsiku limayendera, chifukwa mwana akamasankha digiri amaona dzina lokoma osaona ntchito yake.

Technologist si dokotala. Amene amamasulira zithunzi n'kulemba lipoti ndi dokotala wa nuclear medicine, ndipo amene amayang'anira kawerengedwe ka radiyeshoni ndi kayendedwe ka makina mozama ndi medical physicist. Ife ndi amene timagwira mankhwala, makina ndi wodwala. Timafika m'mamawa kwambiri, wodwala woyamba asanabwere, n'kulowa m'chipinda chotchedwa hot lab mmene muli jenereta ya technetium. Jenereta imeneyi si yamagetsi ayi, ndi chitini cholemera chotchingidwa ndi mtovu, ndipo m'kati mwake muli molybdenum-99 imene imasanduka technetium-99m pang'onopang'ono. Timadutsitsamo madzi amchere n'kutenga technetium ya tsikulo, timaiyeza mphamvu, timaisakaniza ndi mankhwala osiyanasiyana malinga ndi chiwalo chimene tikufuna, a mafupa paokha, a impso paokha, a mtima paokha, kenako timatsimikiza kuti zagwirana bwino tisanabaye munthu. Gamma camera nayo timaiyesa m'mawa uliwonse kuti tione ngati ikuwerenga mofanana pankhope yake yonse, chifukwa banga lochokera m'makina likhoza kuoneka ngati nthenda.

Wodwala wofuna kuona mafupa timamubaya pamtsempha, timamuuza kuti amwe madzi ambiri, ndipo amadikira maola awiri kapena atatu kuti mankhwala akhazikike m'mafupa asanagone pamakina. Ambiri mwa odwala athu ndi a khansa, ena akumva ululu woti kugona chagada mphindi makumi awiri osagwedezeka n'kovuta, ena ndi makanda. Munthu wokonda fizikisi koma wosaleza mtima ndi odwala ntchitoyi imamutopetsa msanga, ndipo ndawaonapo anzathu anzeru akuchoka n'kupita kukagulitsa makina pa chifukwa chimenechi.

Za sukulu, kuno digiri imeneyi ndi ya zaka 4, ndipo imapezeka ku University of Johannesburg, ku Cape Peninsula University of Technology ndi ku Durban University of Technology. Mumaphunzira kapangidwe ka thupi ndi kagwiridwe ntchito ka ziwalo, matenda, fizikisi ya radiyeshoni, kakonzedwe ka mankhwala amene ndatchulawa, makina ndi kuwayesa, chitetezo, kusamalira odwala, ndi kafukufuku kumapeto. Nthawi yambiri ya maphunziro imathera m'chipatala, ndipo wophunzira amalembetsa ku HPCSA, bungwe loyang'anira ogwira ntchito zaumoyo kuno, asanayambe kukhudza odwala. Malo ndi ochepa chaka chilichonse, chifukwa chiwerengero cha ophunzira chimatsatira chiwerengero cha zipatala zimene zingawalandire.

a Chirwa (mphunzitsi wa fizikisi, Chisitu)

Ndikufuna kukhala pang'ono pa technetium, chifukwa funso la a Mbewe lakuti mwana adzagwira kuti ntchito limayankhidwa ndi masamu ang'onoang'ono amene ana a Fomu 4 amaphunzira pa mutu wa half-life. Mphamvu ya technetium-99m imatsika ndi theka pa maola 6 alionse. Mukaitenga 8 koloko m'mawa, pofika 2 koloko masana yatsala theka, pofika 8 koloko usiku yatsala gawo limodzi mwa magawo 4, ndipo mawa lake m'mawa yatsala gawo limodzi mwa magawo 16. Kwa wodwala zimenezi n'zabwino, pakuti radiyeshoni simukhalitsa m'thupi. Kwa chipatala ndi mtolo, pakuti simungagule mankhwalawa n'kuwasunga m'kabati monga mmene mumasungira panado.

Ife a kuno sitivutika kumvetsa zimenezi. Tiyi akathyoledwa ayenera kufika kufakitale tsiku lomwelo, apo ayi masamba amaonongeka, ndipo n'chifukwa chake mafakitale anamangidwa pakati pa minda m'malo mwa ku Limbe. Nayo nuclear medicine imamera pafupi ndi pamene mankhwala ake angafike akadali ndi mphamvu. Molybdenum-99 imatsika ndi theka pa maola 66, ndiye jenereta ikhoza kukwera ndege n'kutumikira chipatala sabata imodzi kapena kupitirirako pang'ono, koma ina iyenera kubwera mosadukiza, ndipo iliyonse imalipiridwa ndi ndalama zakunja. Iodine-131 imatenga masiku 8, choncho imayenda ulendo popanda vuto lalikulu. Yovuta ndi fluorine-18 ya makina ena ojambulira a nuclear medicine otchedwa PET, imene imatsika ndi theka pa mphindi 110 zokha. Ndege yochokera ku Johannesburg kufika pa Chileka imatenga pafupifupi maola awiri, ndipo mukawonjezapo kupakira, kudikira ndi zamakasitomu, imafika mphamvu yake yambiri itatha. Dziko lofuna PET yodalirika liyenera kukhala ndi cyclotron yakeyake, makina opangira fluorine-18, monga anachitira a ku Kenya pachipatala cha Kenyatta University mu 2021.

Mfundo yanga njakuti ntchito za mwana uyu sizidzabwera chifukwa chakuti odwala alipo ambiri, ngakhale kuti alipodi. Zidzabwera pamene pali makina, ndege yodalirika ndi ndalama zakunja za sabata ndi sabata.

a Gama (Luchenza)

Aphunzitsi, ndamva ndipo ndaphunzirapo. Koma nanga si dziko lathu lili ndi uranium ku Kayelekera ku Karonga? Zingatheke bwanji kuti eni mgodi tizivutika kupeza mankhwala a nyukiliya?

a Chirwa (mphunzitsi wa fizikisi, Chisitu)

Bambo Gama, mgodi wa Kayelekera, umene unatsegulidwa mu 2009, umatulutsa ufa wa uranium wotchedwa yellowcake umene umatumizidwa kunja uli choncho. Kuti mupeze molybdenum-99 pamafunika reactor yoswera uranium yokonzedwa mwapadera, ndi fakitale yolekanitsira zotulukamo. Ma reactor ochita zimenezi pamlingo waukulu ndi owerengeka padziko lonse, ndipo mwayi wathu ngwakuti imodzi mwa iwo, SAFARI-1, imene inayamba kugwira ntchito mu 1965, ili ku Pelindaba kufupi ndi Pretoria. Kuyandikira kumeneko n'kumene kungatithandize kuposa mgodi.

a Nambewe (Chonde)

Ine ndine mayi wa mwana amene mukukambiranayu, ndipo ndikuthokoza achimwene anga potulutsa nkhaniyi pagulu. Za masamu ndasiyira inu odziwa. Changa ndi chimodzi, ndipo mundikhululukire ngati ndikufunsa zachimidzi. Anthu akundiuza kuti mtsikana akamagwira ntchito ndi zinthu zimenezi sadzabereka, kapena adzadwala yekha khansa imene akuunika anzakeyo. Ndingamupereke bwanji mwana wanga ku ntchito yotere?

a Nkhoma (Johannesburg, kwathu ku Limbuli)

Mayi, funso lanu si lachimidzi ayi, ndipo amayi anga omwe anandifunsa lomweli. Sindikuuzani kuti radiyeshoni ilibe vuto, chifukwa ikachuluka imavulaza, ndipo mwa onse ogwira ntchito zojambula odwala, ife a nuclear medicine ndi amene timayandikana nayo kwambiri popeza timaigwira m'manja ndipo wodwala amene tamubaya amakhala akuitulutsa. Koma imayezeka, ndipo pali malire. Munthu aliyense padziko lapansi amalandira pafupifupi 2.4 mSv (muyeso wa radiyeshoni yolowa m'thupi) pachaka kuchokera m'nthaka, m'miyala, m'zakudya ndi kumwamba, kaya afune kaya asafune. Malamulo a mayiko ambiri amati wogwira ntchito ndi radiyeshoni asapyole 20 mSv pachaka mukawerengera zaka 5 pamodzi, ndipo technologist wosamala amathera kutali pansi pa malire amenewo. Timavala kabaji pachifuwa ndi mphete pachala zimene zimawerenga radiyeshoni imene talandira, ndipo zimatumizidwa kukawerengedwa nthawi ndi nthawi. Jakisoni amakhala m'chotchinga cha mtovu kapena tungsten, mabotolo timawanyamula ndi zopanira, ndipo timaphunzitsidwa kuchita zinthu mwachangu n'kutalikira, pakuti ukachulukitsa kawiri mtunda wochokera pamene pali radiyeshoni, imene ikukufika imatsika kanayi.

Milingo imeneyi njochepa kwambiri poyerekeza ndi imene ingatseke mimba ya munthu. Ambiri mwa anzanga pantchito ndi akazi, ndipo ali ndi ana. Mkazi akaima amadziwitsa akuluakulu msanga, ndipo amamusinthira ntchito kuti mwana wam'mimbayo asalandire zopyola 1 mSv, amene ndi malire a munthu wamba pachaka. Kwathukonso lamulo lilipo, la Atomic Energy Act la 2011, ndipo bungwe la Atomic Energy Regulatory Authority ndi limene limapereka ziphaso ndi kuyendera malo ogwiritsa ntchito radiyeshoni.

a Nambewe (Chonde)

Zikomo bambo, mtima wakhalako pansi, ngakhale kuti mayi saleka kuda nkhawa.

a Nangondo (wojambula odwala, Thyolo)

Tsopano ndinene maganizo anga mosabisa, a Mbewe, ndipo a Nkhoma andikhululukire ngati tisiyane. Ine sindingamutumize mwana wa zaka zimenezi kunja kukayamba ndi digiri yopapatiza chonchi. Pakhomo pathu pomwe pano, ku Ndata, pali yunivesite ya MUST imene inatsegulidwa mu 2014, ndipo ili ndi digiri ya zojambula odwala yotchedwa medical imaging. Malawi College of Health Sciences nayo yakhala ikuphunzitsa dipuloma ya radiography ku Lilongwe. Wotuluka m'masukulu amenewa amalembetsa ku Medical Council of Malawi, ndipo luso lake likufunika pachipatala chilichonse chimene chili ndi X-ray kapena sikani, chaboma, chamishoni kapena cha anthu apadera. Sindikunena kuti ntchito imapezeka tsiku lomwelo, tonse tikudziwa mmene achinyamata athu amadikirira kulembedwa, koma makomo ogogodapo ndi ambiri. Wa nuclear medicine yokha akabwerera kuno n'kupeza kuti malo ake palibe, sangangolowa m'chipinda cha X-ray n'kuyamba kujambula, chifukwa chiphaso chake n'cha ntchito ina.

Chinanso, nuclear medicine ikhoza kuwonjezeredwa pamwamba pa radiography. Ku UK njira imeneyi njofala, ndipo ojambula ambiri amachita maphunziro apamwamba a nuclear medicine ali kale pantchito. Ndipo makina amakono ndi ophatikiza, SPECT (gamma camera yozungulira wodwala) ndi CT pamodzi kapena PET ndi CT pamodzi, kotero wodziwa kale CT safika chimanjamanja. Thandizo la maphunziro la IAEA, bungwe la mayiko loona za nyukiliya limene Malawi analowamo mu 2006, kawirikawiri limapita kwa anthu amene ali kale pantchito ndipo asankhidwa ndi boma lawo. Mwana akakhala m'kati mwa chipatala, dzina lake likhoza kupezeka pamndandanda. Akakhala kunja ndi digiri yolipira yekha, palibe amene akumuwerengera.

a Nkhoma (Johannesburg, kwathu ku Limbuli)

Achemwali, zambiri ndikugwirizana nanu, koma mbali ina mwaifewetsa. Njira yanuyo ndi zaka 4 za digiri, zaka zingapo zogwira ntchito, kenako kudikira mwayi umene ukhoza kubwera kapena osabwera. Mwana woyamba ndi mtima wa nuclear medicine akhoza kufika zaka makumi atatu ndi zisanu asanaone hot lab, ali ndi banja ndi udindo, ulendo wa kusukulu utavuta. Ndipo kosi yowonjezera ya chaka chimodzi kapena ziwiri sifanana ndi zaka 4 zosakaniza mankhwala ndi manja ako moyang'aniridwa. Mu 2022 IAEA inayambitsa ndondomeko ya Rays of Hope yothandiza mayiko pa chithandizo cha khansa, ndipo Malawi anali m'gulu la mayiko oyamba. Makina akadzachuluka kwathuko padzafunika anthu odziwa ntchitoyi mozama, okhoza kuphunzitsa ena, ndipo anthu otere sapangidwa pa miyezi isanu ndi umodzi. Tikamati aliyense adikire kaye makina, makinawo adzapeza palibe wowayendetsa, kenako tidzalemba ganyu anthu akunja pamtengo wokwera.

Chimene sindingabise n'chakuti ine ndemwe ndili kuno osati kwathu, ndipo wophunzira kuno ngati mlendo sapeza ntchito mosavuta akamaliza, chifukwa pamafunika chilolezo chogwirira ntchito ndipo nzika zimayamba kuganiziridwa.

a Chirwa (mphunzitsi wa fizikisi, Chisitu)

Mkangano wa akuluakulu awiriwa ngwabwino, koma pali khomo limene mwana ayenera kudutsa asanafike ponse pawiri. MSCE yokha kawirikawiri sikwanira kulowera digiri ku South Africa. Mapepala akunja amayamba aunikidwa, ndipo bungwe la mayunivesite akumeneko limafuna maphunziro ofika pa A-Level kapena ofanana nawo kuti lipereke chilolezo. Zikutanthauza zaka zina ziwiri ndi fizi ina mwana asanalembe n'komwe kalata yopempha malo. Pamwamba pake pali fizi ya mlendo yolipira m'ma rand, malo ogona, inshuwalansi ya zaumoyo imene chitupa cha wophunzira chimafuna, ndi kusowa kwa ndalama zakunja m'mabanki athu kumene aliyense wotumiza mwana kunja akukudziwa. Ngongole ya boma ya ophunzira inakonzedwera amene ali m'masukulu ovomerezeka a m'dziko muno. A Mbewe awerengere zaka 6 osati 4, ndipo awerengere pa kwacha imene imagwa, chifukwa choopsa kwambiri ndi mwana kubwerera ali chaka chachitatu fizi itatha. Ameneyo amakhala alibe digiri ya kuno kapena ya uko.

a Mbewe (Chitakale)

Aphunzitsi mwagunda penipeni. Ine ndimadalira munda wa tiyi wa alimi ang'onoang'ono ndi kagolosale, ndipo zaka 6 za ma rand sindingalonjeze pamaso pa mlongo wanga. Komabe mawu a a Nkhoma andikhudza, chifukwa sindikufuna kuti mwanayu adzanene kuti malume anandipatutsa pa chimene ndinkafuna. Ndamupatsa foni kuti awerenge yekha zonsezi ndi kuyankhapo.

Mwana wa a Nambewe (kudzera pa foni ya a Mbewe)

Ndikuthokoza makolo nonse chifukwa cha nthawi yanu. Chimene chinandikopa ine ndi kuona mmene chiwalo chikugwirira ntchito munthu ali moyo, ndiponso mbali yosakaniza mankhwala, chifukwa kemisitiri ndimaikonda kuposa maphunziro onse. Ndamva kuti njira ya kunja njolemera kwa amalume, ndipo sindikufuna kuti azing'ono anga asiye sukulu chifukwa cha ine. Funso langa kwa amayi a Nangondo ndi bambo Nkhoma n'lakuti, ndikaika medical imaging poyamba pa fomu ya NCHE yofunsira malo kuyunivesite n'kusankhidwa, ndichite chiyani m'zaka zimenezo kuti khomo la nuclear medicine lisanditsekekere? Ndipo kodi munthu wokonda mbali ya mankhwalayo angafikeko kudzera ku pharmacy?

a Nangondo (wojambula odwala, Thyolo)

Mwana wanga, usanadzaze fomuyo upemphe chilolezo pachipatala chimene chili pafupi nawe kuti ukaone mmene ojambula amagwirira ntchito, chifukwa fungo la chipatala ndi kubuula kwa munthu wothyoka mwendo sizilembedwa m'kabuku ka yunivesite. Ukasankhidwa, ulimbikire fizikisi ya radiyeshoni ndi CT, magiredi ako akhale okwera chifukwa opereka thandizo la maphunziro apamwamba amayang'ana pamenepo, ndipo kafukufuku wako wa chaka chomaliza umuloze ku chitetezo cha radiyeshoni kapena ku odwala khansa kuti aphunzitsi ako akudziwe ndi nkhani imeneyi. Udziwenso kuti IAEA ili ndi thandizo la atsikana ochita digiri yachiwiri pa maphunziro a nyukiliya, lotchedwa Marie Skłodowska-Curie Fellowship Programme, limene linayamba mu 2020.

a Nkhoma (Johannesburg, kwathu ku Limbuli)

Pa funso lako lachiwiri, inde njirayo ilipo. Amene amayang'anira kapangidwe ndi ubwino wa mankhwala athu m'malo akuluakulu amatchedwa radiopharmacist, ndipo amayamba ndi digiri ya pharmacy, imene kwathuko imaphunzitsidwa ku yunivesite ya KUHeS, kenako amawonjezera maphunziro apamwamba a radiopharmacy kunja. Ntchito yake imakhala ya mu labotale kwambiri ndipo odwala amawaona mwa apo ndi apo, pamene technologist amakhala nawo tsiku lonse. Uyambe wadzifunsa kuti pa ziwirizi ukufuna kukhala mbali iti ya khoma la hot lab, chifukwa yankho lake ndi limene likuuze choika poyamba pa fomuyo. Ine ndikanali ndi maganizo akuti, thandizo lolipira zonse litapezeka, upite molunjika ku digiri ya zaka 4, ndipo pamenepo ine ndi achemwali a Nangondo sitinagwirizane. A Mbewe, mwanayu akasankha, munditumizire maphunziro amene aikidwa pa chaka choyamba kuti ndimuuze mitu imene adzaifune kwambiri kutsogoloku.